Pamene Agona Mng'ono Wanga Ambuye Akupadziwa

Ndikulemba umboni uwu chifukwa cha abale ndi alongo amene mpaka lero alibe manda oti akaikepo nkhata ya maluwa, komanso chifukwa cha aliyense amene anafookapo mpaka kulephera kutsegula pakamwa kuti apemphere. Ine ndine mayi wa Mvano mu mpingo wa CCAP, Sinodi ya Blantyre. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Za ubusa sindinaphunzire, koma zimene Ambuye anandichitira ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndikakhala chete ndiye kuti ndabisa ntchito yawo.

Mng'ono wanga anakokoloka ndi matope ku Chilobwe mu Marichi 2023. Thupi lake silinapezeke.

Za namondwe wa Freddy tinayamba kuzimva pawailesi mu Febuluwale, akadali kutali panyanja. Anawomba ku Madagascar, anafika ku Mozambique, kenaka anabwerera kunyanja, ife n'kumati zatha. Pa 11 Marichi analowanso kumtunda cha ku Quelimane, ndipo mvula imene inayamba kuno ku Blantyre sinali yomwe tinaizolowera. Inkagwa usana ndi usiku osapumira, mphepo ikukuntha malata, magetsi atazima. A zanyengo anadzanena pambuyo pake kuti namondweyu anakhala masiku 36, kuposa wina aliyense amene analembedwapo. Ife nthawi imeneyo tinkangotchera mabeseni paliponse pamene pakudontha.

Mng'ono wangayo ankachita lendi kumtunda, m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Soche, poti kumeneko nyumba zinali zotsikirapo mtengo. Mwamuna wake anali atamwalira kale. Ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa, ndipo anali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Loweruka mwanayo anabwera kwathu kudzasewera ndi ana anga. Mvula itakula, mayi ake anaimba foni n'kunena kuti, "Achemwali, msungeni kaye konko, ndidzamutenga ikakata." Mawu ake omaliza kwa ine anali amenewo. Pakati pa Lamulungu ndi Lolemba pa 13 Marichi phiri linagumuka, ndipo matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zinatsetsereka kudutsa m'nyumba za anthu. Akuluakulu amene anaona zimene zinachitika ku Phalombe mu 1991 anangoti ndi napolo. Kwathu kumunsi chipupa chakumbuyo chinagwa, tinathawira kusukulu, tonse amoyo. Kutacha ndinakwera kumtunda. Pamene panali nyumba ya mng'ono wanga panali khwawa, ndipo ndinalephera ngakhale kuloza kuti khonde linali apa.

Tinamufunafuna. Amuna anga ndi anyamata a m'dera ankakumba ndi makasu ndi manja, asilikali anabwera, apolisi anabwera ndi agalu awo, a Red Cross ankanyamula amene apezeka. Ndinkapita kuchipatala cha Gulupu kukayang'ana nkhope za mitembo imene yabwera kumene, n'kubwerako manja ali m'khosi. Ena ankati madzi anatengera anthu kumunsi mpaka ku Chikwawa, ena ankati ali pansi pa miyala pompo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 olira maliro, ndipo anabwera ku Chilobwe pa mwambo wa maliro a anzathu amene matupi awo anapezeka. Ndinayang'ana mabokosi ali ndandanda, mumtima mwanga n'kumalakalaka limodzi likanakhala lathu. Munthu wosirira bokosi la maliro ndiye kuti wasowadi mtengo wogwira. Boma linadzawerenga omwalira oposa 600, osowa oposa 500, ndi osowa pokhala oposa 650,000 m'chigawo chonse chakummwera. Mng'ono wanga ali m'gulu lapakatilo.

Kumsasa wathu wa kusukulu kuja kunkabwera anthu a kalembera, ndipo ankagwira ntchito yawo mmene akanathera, poti anthufe tinalipo ambiri. Koma aliyense wobwera ndi pepala ankafuna kuti ndiyambirenso pachiyambi. Dzina lanu? Munalimo angati m'nyumba? Mwana uyu ndi wanu? Nanga mayi ake ali kuti, anamwalira kapena akusowa? Funso lomalizali ndi limene linkandithera mphamvu. Ndikati anamwalira ndinkamva ngati ndamukwirira ndekha asanafe. Ndikati akusowa ndinkamva ngati ndikunamiza mwana amene wandigwira chitenje. Ndinafotokoza nkhani yanga mpaka pakamwa panauma, ndipo pamapeto pake ndinalibe mawu otsala oti ndikafotokozerenso Mulungu.

Kufooka kwanga kunayambira pamenepo. Ine ndinali mmodzi wa amayi amene amaitanidwa msanga kukagwa zovuta m'dera. Ndinkagona pasiwa, ndinkayambitsa nyimbo pakati pa usiku anthu akamasinza, ndinkapempherera anamfedwa. Tsopano ndikagwada, mawu osatuluka. Nsima ndinkangoiyang'ana. Usiku m'maso muli gwa, ndipo kukangoti waa pamalata, miyendo inkanjenjemera moti ndinkakhala pansi pomwepo. Kuchipatala anandiuza kuti BP yakwera, anandipatsa mankhwala, ndipo ndinkamwa mokhulupirika. Koma chimene chinkandidya mkati chinali mafunso. Kodi anafa nthawi yomweyo, kapena anakhala wamoyo pansi pa matope ife tikukumba malo ena? Kodi anaitana dzina langa? Kodi anali mtulo, kapena anaona zikubwera? Palibe munthu padziko pano amene akanandiyankha. Amene anali naye pafupi usiku umenewo anapita naye limodzi.

Anthu ankabwera kudzandipepesa, ndipo ndikuwathokoza onse. Ambiri ankati, "Limbani mtima mayi, inu ndi amene mumatilimbikitsa." Ankanena mwachikondi, koma mawuwo ankandisenzetsa katundu wina pamwamba pa amene ndinali naye kale. Panalinso ena, ochepa, amene ankanong'onezana kuti zimenezi ndi chilango, kuti m'derali munachuluka zoipa. Zimenezi ndinazikana ndili wofooka ndipo ndikuzikanabe lero. Mng'ono wanga sanakagone m'tsinde mwa phiri chifukwa cha tchimo. Anakagonako chifukwa ndalama za makina osokera sizikanalipira nyumba ya pamalo abwino. Phirilo linali litametedwa mitengo kwa zaka zambiri, anthu akufuna nkhuni, makala ndi malo omangapo, ndipo nthaka yopanda mizu sikanapirira madzi ochuluka chotero. Zimenezo ndi zathu anthufe kuti tizikonze. Ambuye Yesu mwini anaiyankha kale nkhani ya chilangoyi mu Luka 13, pamene anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu.

Thandizo langa linabwera kudzera mwa mayi wina wachikulire wa mlaga wathu, amene timangowatcha kuti agogo. Iwo sanandiuzepo kuti ndilimbe mtima. Ankabwera ndi phala m'kapu, n'kukhala pambali panga pamkeka mpaka nditamwa, n'kumapita. Tsiku lina ndinawauza zimene sindinauzepo munthu. Ndinati, "Agogo, chimene chikundipha ine n'chakuti sindikudziwa pamene ali. Mwana wa mayi anga wagona ngati chinthu chotayidwa, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa malo ake."

Agogo anatulutsa Buku Lopatulika m'chikwama chawo, anandipatsa kuti nditsegule ndekha poti maso awo sakuonanso bwino, n'kunena kuti, "Mwana wanga, tsegula Deuteronomo mutu womaliza, uwerenge za maliro a Mose." Ndinawerenga. Mose, munthu amene anatulutsa mtundu wonse ku Ejipito, anafera paphiri m'dziko la Mowabu, kutali ndi anthu ake. Panalibe adzukulu, panalibe bokosi, panalibe m'bale wake woponya dothi. Amene anamuika m'manda ndi Mulungu mwini, ndipo malo ake sanadziwike kwa munthu aliyense. Aisraeli anamulira masiku 30 opanda manda oti awaone. Nditamaliza, agogo anandifunsa kuti, "Ndiye ukuti Mose anatayidwa?" Ndinati ayi. Iwo anati, "Iwe sukupadziwa pamene ali mng'ono wako. Koma usanene kuti palibe akupadziwa."

Ndinalira tsiku limenelo kuposa mmene ndinalirira chichitikireni ngoziyo, koma kunali kulira kwina, kotulutsa zimene zinatsekeka.

Ndikufuna ndikhalepo pang'ono apa, chifukwa umboni wanga wagona pamenepa. Ambirife tinakula tikumva kuti Mulungu amaona zonse, koma tinkazimva ngati chiopsezo. Mwana akatapa shuga mobisa, akuluakulu ankati Mulungu akukuona. Ndiye mumtima mumakhazikika kuti kudziwa kwa Mulungu ndi kwa wofufuza milandu. Ndi zoona kuti palibe tchimo lobisika pamaso pake, ndipo tiyenera kumuopa. Koma munthu akafooka mpaka kutheratu, choonadi chomwecho chimasanduka pothawira. Ngati amadziwa zonse, ndiye kuti usiku uja ku Soche sikunali mdima kwa iye. Mphindi iliyonse imene ine ndinkaiganizira n'kumanjenjemera, iye analipo ndipo anaiona. Ngati mng'ono wanga anaitana, alipo amene anamva. Ngati anachita mantha, sanachite mantha ali yekha. Mafunso anga sanayankhidwe mmene ndinkafunira, koma ndinadziwa kuti mayankho ake alipo, ndipo ali m'manja mwa amene anamukonda mng'ono wanga asanabadwe, amene anapereka Mwana wake chifukwa cha iye. Ndinaleka kukumba ndi maganizo pamalo pamene makasu analephera.

Masiku otsatira ndinkawerenga Salimo 139 pang'onopang'ono, mwina ndime imodzi yokha patsiku. Mmenemo Davide amafufuza malo amene munthu angabisalemo Mulungu osamupeza. Amayesa kumwamba, amayesa kumanda, amayesa kutsidya kwa nyanja, amayesanso mdima, ndipo konseko amapeza Mulungu alipo kale. Ine ndinkawonjezera malo anga mumtima. Pansi pa miyala ya Soche, aliko. M'matope a m'mphepete mwa Shire, aliko. Ku Ntauchira ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe, kulikonse kumene midzi inafafanizika, aliko, ndipo pa anthu oposa 500 aja palibe mmodzi amene iye akumufunafuna. Ife tinalemba kuti akusowa chifukwa ndi ife amene tikuwasowa. Buku la Chivumbulutso mutu 20 limatiuza kuti patsiku lomaliza ngakhale nyanja idzabweza anthu amene inawameza. Amene adzaitanitse anthu ake kunyanja sadzalephera kuitanitsa mng'ono wanga kuphiri.

Kenaka ndinazindikira kuti kudziwa komweko kukundikhudzanso ine amene ndatsala. Kwa Mulungu sindinkafunika kuyambira pachiyambi. Sankandifunsa kuti munalimo angati, kapena kuti anamwalira kapena akusowa. Pemphero langa kwa miyezi yambiri linali mawu awiri okha: "Ambuye, mukudziwa." Ndinkalinena pokoleza moto, ndinkalinena usiku mvula ikayamba, nthawi zina ndinkangolinena mumtima milomo osagwedezeka. Nditawauza abusa athu kuti pemphero langa lafupika chonchi, anandiwerengera Aroma 8, pamene Paulo amaphunzitsa kuti Mzimu Woyera amathandiza anthu ofooka amene asowa chonena, ndipo amawapempherera mozama kuposa mmene mawu angafikire. Abusawo anati, "Mayi, musadzikakamize. Pemphero lanu likufika lathunthu."

Ine pamsika ndimadziwa tomato wofewa pongomugwira, ndipo wofewayo sindimuika pansi pa dengu kuti anzake amupsinje. Ndimamuika pamwamba, ndimamunyamula mosamala. Ambuye anandichitira chimodzimodzi. Salimo 103 limatikumbutsa kuti iye saiwala kuti anatiumba ndi dothi. Nthawi yonse imene ndinali wofooka sanandipemphe kuti ndikhale wamphamvu. Ndikawerenga za Eliya mu 1 Mafumu 19 ndimadziona ndekha. Mneneri wamkulu uja anathawira kuchipululu atatopa mpaka kupempha imfa, ndipo Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula kapena kumutuma ntchito. Anamusiya agone, anamutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, anamusiya agonenso, anamudyetsanso. Zokambirana zinabwera pambuyo. Mngelo wanga ine anali agogo aja ndi kapu yawo ya phala.

Ndipo chisamaliro chake sichinathere mumtima mokha. Nthawi yochoka kumsasa itakwana, tinalibe kolowera, poti nyumba yathu inali yosakhalika. Sindinauze munthu, ndiponso sindinapemphere za nyumba, nzeru zanga zinali zisanafike kumeneko. Banja lina la mumpingo, limene sitinkayenderana kwenikweni, linatumiza uthenga kuti lili ndi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yawo, tikakhalemo mpaka titakonza kwathu. Sukulu zitatsegulidwa, mwana wa mng'ono wanga analibe yunifolomu, zake zonse zinapita ndi nyumba. Mayi wina amene ankasoketsa zovala kwa malemuwo anabwera ndi kapepala ka pulasitiki, n'kunena kuti mtima wake unamukakamiza kuti asoketse kadiresi ka sukulu. Kanamukwana mwanayo ngati anachita kumuyeza. Mpamba wanga wa geni unali utatha, koma amayi anzanga a banki m'khonde anagwirizana okha kuti andibwereke popanda chiwongoladzanja ndiyambirenso. Pa zinthu zonsezi palibe chimene ndinapempha. Mu Mateyu 6 Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti Atate amakhala atadziwa kale zosowa zathu tisanatsegule pakamwa, ndipo ine ndinaziona zikuchitika pamene pakamwa panga panali potsekadi.

Sindikunena kuti zonse zinakhala zofewa. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu zinakwera mtengo, ndipo pakhomo pathu panali patawonjezeka pakamwa pena. Panali masiku ogona ndi phala. Funso lakuti bwanji Mulungu amene ankadziwa sanaliletse phirilo limabwerabe, ndipo ndikamva munthu akuliyankha mofulumira ndimadziwa kuti sanatayepo wake. Ine ndimalitengera kwa Ambuye momwe liliri, poti ngakhale funso limeneli akulidziwa kale ndipo silimukhumudwitsa. Chimene ndagwiritsitsa n'chakuti amene amadziwa zonseyo ali ndi zipsera m'manja. Iye mwini analowa mu imfa, anaikidwa m'manda, ndipo anatulukamo. Sakudziwa zowawa zathu ngati wongoonerera patali.

Mvula yoyamba ya dzinja lotsatira itagwa, mwana wa mng'ono wanga anathamangira kwa ine n'kundikumbatira m'chiuno, thupi lonse likunjenjemera. Inenso miyendo inali italefuka, koma tinakhala pansi limodzi. Anandifunsa kuti, "Amayi aakulu, kodi amayi mvula ikuwanyowetsa?" Pakanapanda agogo aja ndikanasowa chomuyankha. Ndinamuuza kuti amayi ake ali kwa Yesu kumene kulibe namondwe, ndipo thupi lawo Mulungu analisunga yekha pamalo amene iye akuwadziwa, monga anachitira ndi Mose. Anandiuza kuti ndimufotokozere za Moseyo. Ndinamufotokozera kuyambira pa kabasiketi ka pamtsinje mpaka paphiri la Nebo, ndipo pamene ndinkamaliza anali atagona pamiyendo panga. Usiku umenewo inenso ndinagona mpaka kucha, mvula ikugwabe.

Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Ndinayambiranso kuvala yunifolomu yanga ya Mvano, ndipo tsopano ndimapitanso m'maliro. Koma ndinasintha kakhalidwe kanga pasiwa. Namfedwa sindimufunsa mafunso ambiri, ndipo sindimuuza kuti alimbe mtima. Ndimakhala naye pamkeka, ndimaonetsetsa kuti wamwa kanthu. Akanena kuti akulephera kupemphera, ndimamuphunzitsa pemphero langa la mawu awiri lija, n'kumuuza kuti zotsalazo tipemphera ife. Kudera kwathu kuli amayi angapo amene nawonso abale awo sanapezeke. Timakumana mwa apo ndi apo, timatchula mayina a anthu athu mokweza pamaso pa Ambuye, mmodzimmodzi, chifukwa mayinawo sanalembedwe pa mtanda wa manda alionse.

Mayi athu kumudzi ku Thyolo ndi amene zinawavuta nthawi yaitali. Ankati sangavomereze kuti mwana wawo anapita asanaone pamene wagona, ndipo foni ikalira usiku ankadzuka poganiza kuti wapezeka. Ndinapita kukawawerengera za Mose monga agogo anandichitira. Anamvetsera mpaka kumapeto osanena kanthu. M'mawa mwake anaitanitsa amalume, n'kuwauza kuti akufuna pamangidwe kachiliza kakang'ono pafupi ndi manda a bambo athu, kolembedwa dzina la mwana wawo, chaka chobadwa ndi chaka cha 2023, kuti mdzukulu wawo azikhala ndi poika maluwa. Amalume anavomera, amfumu anavomera, ndipo tikusonkha ndalama za simenti pang'onopang'ono. Tagwirizana kuti tidzakamange sukulu zikatsekera, kuti mwanayo adzakhalepo, ndipo abusa a kumudziko alonjeza kudzatsogolera mapemphero. Abale ndi alongo mwa Ambuye, mutikumbukire m'mapemphero anu pa tsiku limenelo, makamaka mayi athu, poti akalamba ndipo mtima wawo ndi wofooka.